Za Chisanu ndi Dzuwa: Mbiri ya Nyengo za Kwathu ku Mchinji

Pa chaka chino cha Jubile, pamene tikumbukira ansembe, asisitere, aphunzitsi ndi akhristu onse amene adagwira ntchito ya Mulungu kuno ku Kachebere chiyambire chaka cha 1903, kuyenera kuti tikumbukirenso chinthu china chimene onsewo adachimvera, ngakhale dzina lake silidalembedwe pa mwala uliwonse. Chinthucho ndicho nyengo ya dziko lino, kuzizira kwake ndi kutentha kwake. Pakuti njerwa zidaumbidwa pa mwezi umene dzuwa lidalola, maulendo a kumidzi adayendedwa pamene mitsinje idaphwa, ndipo njala ndi matenda zidali ndi miyezi yake yofikira. Tsono tati tilembe mbiri ya nyengozi, kuti ana athu adziwe m'mene zidakhalira kale, ndi kuti azindikire chimene chayamba kusintha masiku ano.

Dziko limene tikhalamo

Boma la Mchinji lili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mapiri amene ali m'malire mwa Malawi ndi Zambia akwera koposa apo. Mapiri amenewa ndiwo agawa madzi: mvula yogwa mbali ya kuno itsikira m'Bua ndi m'Rusa nipita ku Nyanja ya Malawi, koma yogwa kuseri itsata njira ya ku Luangwa ndi ku Zambezi. Nyanja ya Malawi ili pansi, mamita osafika 500, ndipo mpweya uzizira madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu akwera. Ndicho chifukwa chake munthu wa ku Salima akadza kuno apempha bulangete, ndi wa kuno akapita ku Salima alephera kugona chifukwa cha thukuta.

Tili kum'mwera kwa mzere wa Ikweta madigiri pafupifupi 14. Chotero dzuwa liima pamutu penipeni kawiri pa chaka, kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Masiku amenewo mtengo wozikidwa chilili ukhala wopanda chithunzithunzi masana. Mu Juni dzuwa lipendekera kumpoto, ndipo usana ufupika. Mu Disembala lidzera chakum'mwera, usana nutalika. Kusiyana kwa usana wa Juni ndi wa Disembala ndi ola limodzi ndi theka lokha, kapena kupitirirapo pang'ono, pamene ku Ulaya kusiyanako ndi maola ambiri. Chifukwa cha ichi nyengo zathu sizitsata kutalika kwa usana. Zitsata mitambo, mphepo ndi mvula.

Nyengo zitatu

Yoyamba ndiyo ya chisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Mphepo ya mwera iomba kuchokera kum'mwera chakuvuma, mpweya uuma, thambo likhala poyera. Pakuti palibe mitambo yofunda dziko, kutentha kumene nthaka idalandira usana kuthawa usiku, ndipo m'bandakucha wa Juni ndi Julayi choyezera chitsika kufika madigiri 10, kawirikawiri kutsikirapo. Mpweya wozizira ulemera, nutsetserekera kumadambo. Ndiko kumene nkhungu igona mamawa, ndipo zaka zina chisanu chiwauladi masamba a m'madimba. Koma masana ake ndi okoma, madigiri 22 kapena 24, oyenera ntchito ndi ulendo.

Yachiwiri ndiyo ya dzuwa, kuyambira Sepitembala kufikira mvula itagwa mu Novembala. Dzuwa libwerera pamutu, mitambo ilibe, nthaka yauma gwa, ndipo palibe chinyezi choti chiziziritse. Masana a Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala afika madigiri 30 ndi kupitirira. Nyenje zilira, akamvuluvulu avina m'minda, utsi wa lupsa uphimba mapiri, zitsime zitsika. Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi yomweyi mitengo ya m'thengo, mombo ndi inzake, iphuka masamba ofiira dontho la mvula lisanagwe, ndipo masuku ndi mango ayamba kupsa pamene chakudya china chayamba kuchepa.

Yachitatu ndiyo dzinja, kuyambira kumapeto kwa Novembala kufikira Epulo, pamene dziko lino lilandira mvula ya mamilimita ngati 1,000 pa chaka chabwino. Ana a sukulu afunsa kawirikawiri kuti, ngati dzuwa liimanso pamutu mu Febuluwale, nanga bwanji Febuluwale satentha monga Okutobala? Yankho lake ndi ili: mitambo itchinga dzuwa, ndipo mphamvu yake yambiri ithera pa kuumitsa madzi a m'nthaka ndi a m'masamba, osati pa kutenthetsa mpweya. Chotero masana a dzinja akhala pa madigiri 26 kapena 27, koma usiku wake ndi wofunda, pakuti mitambo yomweyo isunga kutentha. Pakutha pa dzinja padza masika, nthawi ya zokolola, imene ili ngati khomo lolowera m'chisanu.

Makolo athu ndi nyengo

Choyezera kutentha chisanafike, Achewa a dziko lino, a kwa Mkanda ndi a mafumu ena, adali ndi zoyezera zao. Adadziwa kuti udzu wofolerera umwetedwa m'chisanu moto usanalowe m'tchire. Kuti kusosa ndi kugalauza ziyenera kutha dzuwa la Okutobala lisanakule. Kuti kamvula koyamba kotchedwa chizimalupsa si kobzalira, koma kongozima phulusa la m'tchire. Ndi kuti inswa zikatuluka mvula yeniyeni yakhazikika. Nyumba zao zozungulira, za dothi ndi udzu, zokhala ndi khonde lotsika, zidali zozizira masana a dzuwa ndi zofunda usiku wa chisanu. Nthano zidakambidwa pamoto m'miyezi yozizira, ntchito ya kumunda itatha. Ndipo miyambo ikuluikulu, chinamwali ndi gule, idachuluka m'chilimwe nkhokwe zili zodzaza. Kufikira lero mwambo wa Kulamba, kumene Achewa a maiko atatu asonkhana kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete, uchitika kumapeto kwa Ogasiti, chisanu chitachepa ndi dzuwa lisanalimbe.

Angoni naonso mbiri yao ili ndi nyengo m'kati mwake. Zwangendaba ndi anthu ake adaoloka Zambezi mu Novembala 1835, pa tsiku la kadamsana, ndiyo nthawi ya dzuwa pamene mtsinjewo uli wotsika. Mwana wake Mpezeni adadzakhazikika pafupi ndi kumene kuli Chipata lero cha m'ma 1870, ndipo ena a anthu ake, a kwa Zulu ndi a kwa Mlonyeni, ali m'boma lino mpaka lero. Nkhondo za masiku amenewo zidali za m'chilimwe, zokolola zili m'nkhokwe ndi njira zili zouma. Chotero miyezi imene ife tiiyesa ya mpumulo, kwa Achewa ambiri idali ya mantha, yothawira kumapiri ndi m'malinga. Koma asilikali a Angerezi adadza pa nthawi ina: adathira nkhondo Mpezeni mu Januwale 1898, m'kati mwa dzinja, chimanga chili m'munda. Nsingo, mwana wa Mpezeni, adaphedwa, ng'ombe zambirimbiri zidalandidwa, ndipo mwambo wa Nc'wala, wolawa zipatso zoyamba za m'munda, udaleka kufikira udautsidwanso mu 1980. Tsopano uchitika mu Febuluwale ku Mtenguleni. Nkhondoyo itatha padamangidwa linga la boma lotchedwa Fort Manning, dzina la William Manning amene pambuyo pake adakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland. Dzina la Mchinji lidalowa m'malo mwake dziko litalandira ufulu.

Kufika kwa amishoni

Patangopita zaka zisanu chichitikire nkhondoyo, ansembe a chipani cha White Fathers adafika kuno. Pa nthawiyo Episkopi wa chigawo cha Nyasa adali Ambuye Joseph Dupont, amene anthu adawatcha Motomoto. Mishoni ya Mua idatsekulidwa mu 1902, ndipo Likuni ndi Kachebere mu 1903. Anzathu a mpingo wa Dutch Reformed adali atayamba kale ku Magwero, tsidya la malire, mu 1899, ndipo adatsekula mishoni yao ya Mchinji mu 1914. Onsewa adafuna malo okwera, a mphepo ndi madzi abwino, pakuti amishoni oyamba a kunyanja, monga a ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, adaikidwa m'manda ambiri chifukwa cha malungo. Ronald Ross adali atangoonetsa mu 1897 kuti kachirombo ka malungo kakhala m'thupi la udzudzu. Ndipo lero tidziwa kuti kachiromboka kakula msanga pofunda, nikachedwa pozizira. Kukwera kwa dziko lathu kudachepetsa nthendayi, koma sikudaithetse: miyezi ya Januwale kufikira Epulo, madzi ali m'zithaphwi ndi usiku uli wofunda, idali ya malungo kale, ndipo ili chomwecho lero.

Ntchito yonse ya pamishoni idayenda monga mwa nyengo. Njerwa siziumbika m'dzinja; chotero dothi lidapondedwa ndi kuumbidwa m'chilimwe, uvuni nutenthedwa, ndipo amisiri adathamanga kuti denga likwere mitambo ya Novembala isanasonkhane. Maulendo oyendera masukulu a kumidzi, apansi ndi a panjinga, adachuluka m'chisanu, pamene munthu akhoza kuyenda tsiku lonse osakomoka, ndi Bua ndi Rusa zili zooloka. M'dzinja midzi ina idakhala yosafikika masabata ambiri, ndipo kumeneko chikhulupiriro chidasungidwa ndi aphunzitsi a m'midzi momwemo, amene adatsogolera mapemphero ndi kubatiza odwala kwakayakaya. Nyengo yomweyo ya chilimwe idatenganso amuna ambiri: atakolola adanyamuka wapansi kunka ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson, ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg kukafuna ndalama ya msonkho, ndipo ena adasanduka matchona osabweranso.

M'zaka zotsatira ntchito idakula. Mishoni ya Guilleme idatsekulidwa mu 1935, nitchedwa dzina la Ambuye Mathurin Guillemé amene adalowa m'malo mwa Ambuye Dupont mu 1911. Ndipo mu 1939 kuno ku Kachebere kudayamba seminale yaikulu, kumene anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia adaphunzira za unsembe. Ochokera ku chigwa cha Shire ndi ku Luangwa, kumene Okutobala apitirira madigiri 40, adadziwira kuno chisanu cha m'tsinde mwa phiri pa mapemphero a m'mamawa. Wowerenga mabuku akale a boma azindikire kuti Angerezi adayeza kutentha ndi muyeso wa Fahrenheit, pamene ife lero titsata wa Celsius: 50 wa iwo ndiye 10 wa ife, ndipo 86 wa iwo ndiye 30 wa ife.

Chaka cha Mpingo pansi pa thambo lathu

Ansembe oyambawo adachokera ku maiko kumene Khirisimasi igwa m'chisanu choopsa, usiku uli wautali, ndi Pasaka igwa pamene mitengo iyamba kuphuka. Kuno adapeza zonse zitatembenuka. Koma taonani m'mene chaka cha Mpingo chidakhalira bwino m'nyengo zathu. Adventi, nthawi ya kudikira, igwa pamene mlimi aliyense ayang'ana kumwamba, mbewu ili m'manja kapena yangolowa m'nthaka. Khirisimasi idza chimanga chili m'mawondo, akhristu nafika kutchalitchi ndi matope kumapazi. Lenti igwa mu Febuluwale ndi Malichi, miyezi imene nkhokwe zambiri zapita pansi. Ndipo makolo athu, amene adauzidwa za kusala chakudya, adali kusala kale chaka ndi chaka osafuna. Pasaka ifika pamodzi ndi dowe, maungu ndi mtedza wauwisi, kotero kuti chimwemwe cha kutchalitchi ndi cha kunyumba zikhala chimodzi. Mdipiti wa Ukaristia uyenda pansi pa thambo loyera la kuchiyambi kwa chisanu. Mwezi wa Korona ndiwo Okutobala, pamene mapemphero a madzulo achitika panja chifukwa m'nyumba muli ng'anjo. Ndipo pa 2 Novembala tipita kumanda kukapempherera akufa athu dziko lili louma, loyembekeza madzi.

Zaka zowawa

Sikuti nyengo idasunga pangano lake zaka zonse. Mu 1949 mvula idakanika, ndipo njala idapha anthu makamaka kuchigawo cha kum'mwera. Mu 1992 chilala chidakantha maiko onse a kum'mwera kwa Africa, chimanga nichiuma chili chiimire. Njala ya 2002 ambiri a ife tiikumbukira. Iyo idayamba ndi mvula yochuluka imene idaononga mbewu za 2001, monga anena akulu kuti walira mvula walira matope. Ndipo bungwe la Save the Children, litayendera midzi ya ku Mchinji kumapeto kwa 2001, lidachenjeza kuti anthu ali pa tsoka. Pofika Febuluwale ndi Malichi 2002 anthu adadya gaga, mizu ndi chimanga chosakhwima, nagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wa chabe, ndipo maliro adachuluka. Mu 2016, ndiponso mu 2024, kudadza chilala chimene akatswiri achigwirizanitsa ndi El Niño, ndiko kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kusokoneza mvula ya maiko akutali. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko la Malawi ali pa ngozi, pakuti ng'amba idagwa pakati pa dzinja, dzuwa la Febuluwale niliomba popanda mtambo pa nthawi imene chimanga chimasula ngaiyaye.

Pamenepa tiphunzirapo kanthu. Dzuwa la Febuluwale ndi lamphamvu chimodzimodzi ndi la Okutobala. Chotiteteza ndi mitambo ndi chinyezi cha m'nthaka. Zimenezi zikachoka masabata atatu okha, Okutobala alowa m'munda chimanga chili ndi pakati.

Chimene chasintha

Chilala chidalipo kale, koma tsopano pali chinanso. Oyeza za nyengo adapeza kuti pakati pa 1960 ndi 2006 kutentha kwa dziko la Malawi kudakwera ndi digiri pafupifupi imodzi, ndi kuti masiku otentha ndi usiku wofunda zidachuluka, pamene usiku wozizira udachepa. Pa dziko lonse lapansi chaka cha 2024 chidatentha koposa zaka zonse zimene zidayezedwa chisanafike icho. Gwero lake lalikulu ndi utsi wa malasha ndi mafuta amene maiko a mafakitale atentha kwa zaka zoposa zana limodzi, umene ukhala m'mlengalenga nusunga kutentha monga bulangete. Digiri imodzi ioneka yochepa pa pepala; koma kwa mlimi itanthauza nthaka youma msanga, dimba lophwa madzi Sepitembala asanathe, ndi tizirombo toswana mofulumira, monga mbozi zija zidalowa m'chimanga mu 2017.

Gawo lina la kusinthaku lili pakhomo pathu. Nkhalango ya m'mapiri a Mchinji idapatulidwa ndi boma m'zaka za m'ma 1920 kuti isunge akasupe a Bua. Koma anthu a m'boma lino, amene pa kalembera wa 2018 adapitirira 600,000, afuna minda, nkhuni, makala, mitengo ya zigafa za fodya ndi yootchera njerwa. Mtengo uliwonse ndi mthunzi, ndiponso utulutsa chinyezi chimene chiziziritsa mpweya; pamene mitengo yatha, nthaka ipsa masana, madzi a mvula athamanga osalowa pansi, ndipo dambo limene lidasunga madzi chaka chonse liuma. Nyumba za malata zopanda siling'i, zimene zalowa m'malo mwa za udzu, zitentha masana a dzuwa ndi kuzizira usiku wa Juni koposa zija za makolo. Za utsi wa maiko akutali mphamvu yathu ndi yochepa, koma za mthunzi wa pamudzi pathu mphamvu tili nayo.

Mawu kwa amene adzachita Jubile yotsatira

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya chaka cha 2015, adakumbutsa akhristu onse kuti kusamala chilengedwe ndi mbali ya chikhulupiriro, ndi kuti osauka ndiwo ayamba kuvutika nyengo ikaonongeka. Ife a kuno sitisowa umboni wa zimenezi. Chifukwa chake tipempha zinthu zitatu.

Choyamba, mphakati uliwonse ndi sukulu iliyonse ibzale mitengo pa nyengo yake, imene boma lidaika kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, ndi kuisamala kufikira itapyola Okutobala wake woyamba, pakuti kubzala n'kosavuta, koma kuthirira ndi kutchinga mbuzi ndi moto ndiyo ntchito. M'minda tisaiwale msangu, umene uyoyola masamba m'dzinja osatchinga chimanga, nupatsa mthunzi m'chilimwe.

Chachiwiri, tileke kutentha mapesi ndi tchire mwachisawawa. Mapesi ogonekedwa m'munda afunda nthaka, kuti dzuwa lisaipsereze ndi chinyezi chikhalitse pa masiku a ng'amba.

Chachitatu, tilembe. Ansembe a White Fathers adali ndi lamulo lakuti pa mishoni iliyonse pakhale buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo chifukwa cha mabuku otere mbiri yambiri ya dziko lino idapulumuka. Choyezera kutentha ndi choyezera mvula sizidula koposa thumba la feteleza. Ana a sukulu akhoza kulemba m'mawa ndi masana alionse, ndi kusunga tsiku la mvula yoyamba yobzalira. Ndipo afunsenso agogo ao za mitsinje imene sidali kuphwa, ndi za miyezi imene chisanu chidali kugwa m'dambo, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo sadzakhala nafe masiku onse.

Amene adatitsogolera adalandira dziko la chisanu chake ndi dzuwa lake, nalidziwa, namanga ntchito yao molingana nalo. Ife talandira tchalitchi, masukulu ndi seminale kuchokera m'manja mwao. Talandiranso mapiri, madambo ndi mitengo imene idawapatsa madzi ndi mthunzi. Mulungu atithandize kupereka zonsezi kwa ana athu, kuti pa Jubile ikudzayo adzapeze kasupe akutuluka m'tsinde mwa phiri mwezi wa Okutobala, ndi mthunzi wokhalapo khamu la anthu odzamva Misa.